Munthu Wozizira wa ku Kabwata

Amene akufuna kuseka aseke panopa, chifukwa ndikafika pakati pa nkhaniyi ena a inu mupempha kokataya madzi. Iwe wa chipewa chofiirawe, ndakuona ukutsinzinira mnzako. Ine ndinayamba kukhoma mbaula pa City Market ya Lusaka pano iwe usanadziwe kupukuta mamina, ndipo bodza ndimangolimva kwa anthu. Ndikanama, nyundo iyi indikane.

Mwana wanga wamkazi Tamanda anaphunzira za miyala mpaka digiri yoyamba inamuchepera, n'kuyamba yachiwiri. Kuti amalize, anayenera kukagwira ntchito yophunzirira, ija amati atachimenti, ku kampani ina yofufuza moto wa pansi pa nthaka. Akuti pansi pathupa pali kutentha koti kukhoza kuwiritsa madzi, nthunzi yake n'kumazunguza makina a magetsi, ife n'kuiwala za kuzimazima. Ntchito ya Tamanda inali yotsitsa kachipangizo koyezera kutentha m'zitsime zakuya za m'mayadi a anthu, kachitsulo kotalika ngati chinangwa, komangidwa kuchingwe.

Tsiku lina masana foni inalira, anali Tamanda. Chingwe chinali chitaduka m'chitsime cha banja lina ku Chelstone, kachipangizo n'kutsala pansi. Bwana wake, ali phee mu ofesi ku Kabulonga, anangoti kakapanda kutuluka dzuwa lisanalowe, atachimenti yatha, digiri nayo aiwale. Ndinasiya mbaula ili theka n'kukwera minibasi.

Nditafika, mwendo unakana kulowa pageti. Pakamwa pa chitsimepo pankatuluka nthunzi yonunkha, kapinga yense atapserera, nkhuku zikuikira mazira owiritsa kale, ndipo eni nyumba, anthu a pemphero, atagwada pakhonde akulira kuti mwana wanga waboola denga la Gehena. Okumba zitsime anali atayesa kuvuula ndi mbedza, mbedzayo inabwerako ikudontha ngati phula. Tamanda anandigwira dzanja.

"Adadi, bwelelani chabe kunyumba. Pansi apa ni potentha maningi. Chingangenemo ni chinthu chozizila, manje ise tilibe."

Iye ankanena kuti chingalowemo ndi chitsulo chozizira cha kusukulu kwawo. Ine ndinamva Chichewa. Ana obadwira mu Lusaka simudziwa kuti kwathu munthu amene amagona ndi mkazi timati ndi wotentha, sanyamula khanda, ndipo makolo athu sankamulola kuyandikira ng'anjo. Amene wadzisunga timati ndi wozizira. Tsono ine, chimwalirireni mayi a Tamanda, ngakhale kupereka chanza kwa mkazi ndimachita mothamanga. Mu Lusaka yense munalibe munthu wozizira kuposa ine, moti tiyi ankapola ndikangomuyang'ana. Mukumva?

Kukamwa kwa chitsimecho kunali kochepa ngati mbale ya ndiwo. Ndinavula malaya, ndinadzola mafuta ophikira, ndinatulutsa mpweya wonse ndi wa chaka chatha womwe, ndinapinda mapewa kuwalowetsa m'khwapa, okumba aja anandimanga chingwe chachitsulo m'miyendo, ndipo ndinalowa chamutu, Tamanda akuwachonderera kuti andigwire.

Za mantha musandifunse. Ndinaopa, anthuni, ndinaopa mpaka mumtima ndinaitana mayi anga amene anaikidwa ku Mchinji ine ndili mnyamata. Kuwala kunatha, ndinadutsa mizu ya mapeyala, ndinadutsa madzi a anthu a ku Avondale, ndinamva maminibasi a ku Kaunda Square akugunda pamwamba pa msana wanga, kenako zii, kunangotsala mtima wanga ndi chinthu china chimene chinkapuma pansi, kupuma kosafulumira, chikakoka mpweya ine n'kutsetsereka, chikatulutsa khoma n'kundifinya mpaka nthiti kumawerengana zokha. Chitsulo cha lamba chinasungunuka, mbatata yaiwisi imene inali m'thumba inapsa, inanunkhira, n'kusanduka phulusa, thukuta linkati likatuluka n'kuuma pompo kusiya mchere, ndipo ndinafuna kukuwa kuti andikoke koma mpweya ndinali nditausiya kumtunda. Ndikunama ine?

Kenako chitsime chinatha, ndinapezeka ndikulendewera m'phanga lalikulu kuposa msika uno, ndipo pansi pake panali moto. Osati wamakala uwu ayi. Mwala wosungunuka, wofiira, ukubwata, wopanda utsi, wopanda phokoso, ndipo kachipangizo ka mwana wanga kali pakamwala m'mphepete, moto ukukanyambita. Ndinatambasula dzanja. Motowo unaleka kubwata. Unatembenuka, mukumva, unadzutsa mutu wopanda maso n'kubwera kudzandinunkhiza kuyambira kutsitsi mpaka pamchombo, kufunafuna pamene pali kutentha kuti ulowerepo. Ndinangolendewera chadodolido. Ndinadziwa kuti ndikangokumbukira mkazi aliyense, ngakhale uja womwetulira pachikwangwani cha sopo, ndapsa, Tamanda watsala wopanda mayi, wopanda bambo, wopandanso digiri. Ndinatsinzina n'kuyamba kuganiza za misomali.

Unanunkhiza, unanunkhizanso, sunapeze kanthu. Unangokhudza chala changa n'kulira kuti tsiii, n'kuda, n'kung'aluka, wotsalawo unabwerera chambuyo kuthawira m'ming'alu ya kum'mwera, nthaka yonse ikugwedezeka, moti ku Woodlands makapu anagwa m'makabati ndipo agalu a ku Kabulonga anakana kudya mpaka sabata kutha. Ndinaluma kachipangizo kaja, ndinagwedeza chingwe ndi chala cha kuphazi, okumba aja n'kundikoka. Ndinatuluka dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, ndevu zili ndi madzi oundana, nsagwada zikugundana, ndipo mayi a panyumbapo anasiya pemphero pakati kukanditengera bulangeti.

Mawa lake atayezanso chitsimecho, anapeza madzi ozizira mpaka kuwawa m'mano. Bwana uja anayamba kunena kuti Tamanda analemba zam'mutu, koma mwana wanga anamuonetsa kutentha kumene kachipangizo kanasunga, ine n'kuloza ndi chala kumene moto unalowera. Kampani inatsatira chala changacho mpaka kutali kum'mwera, kumene madzi amatuluka pansi akuwira. Tamanda ali komweko tsopano, akuyeza zitsime zake, ndipo watsala pang'ono kumaliza.

Koma ine mtima suli m'malo. Moto uja unandinunkhiza, ukundidziwa, ndipo ukudikira. Nthawi zina ndikaponda pansi opanda nsapato ndimaumva ukutembenuka kutali uko. Tsiku limene ndidzatenthe, udzanyamuka kudzanditenga kwathu ku Kabwata, zitsime za mwana wanga zidzazizira digiri asanalandire, ndipo inu nonse mudzapsera pano ndi makabichi anu omwe. N'chifukwa chake sindikwatira, ndipo muzindithokoza mukandiona. Zoti mayi aja ogulitsa vitumbuwa pageti pa msika uno ndiwo anandikana pamaso pa anthu, amene anakuuzaniyo sakudziwa kanthu. Ndinachita kuwapempha ndine kuti andikane.