A Chidendene ndi Mutu wa Mpopi

Pamzikiti wathu panali mkulu wina amene sankayang'ana munthu kumaso. Ankamuyang'ana kuzidendene. N'chifukwa chake tinkawatchula kuti a Chidendene, ngakhale kuti palibe analimbapo mtima kuwatchula choncho iwo akumva. Ndikudziwa kuti womwalira sanenedwa zoipa, ndipo mawu ndayesetsa kuwasankha, koma ndikati anali munthu wokoma mtima ndiye kuti ndanama, ndipo bodza nalonso ndi tchimo. Anali apongozi anga.

Kale ankagwira ntchito yokonza mipopi. Atapuma, anadziika okha ulonda pamalo opangira wuzu, paja timasamba m'manja, kumaso, mikono mpaka m'zigongono ndi mapazi tisanalowe kukaswali. Palibe komiti inawasankha. Anangofika tsiku lina ndi sipanala, n'kumasula mutu wa mpopi, n'kuuponya m'thumba la mkanjo. Kuyambira pamenepo wofuna madzi ankadikira iwo. Ankatsegula pang'ono chabe, madzi n'kumatsika ngati ulusi, iwo ali pakampando kawo, maso tong'o pa mapazi athu.

Wogulitsa nyama ndiye ankayambana nawo tsiku ndi tsiku.

"Iwe, kanayi kameneko! Katatu kakwana. Kodi ndiwe mvuu?"

"Ndi mafuta a nyama awa, bambo, sakuchoka."

"Ukanawasiya kuntchito kwakoko. Pano si potsukira mbale."

Adokotala nawo sankapulumuka. Iwo ankangowaza timadzi pa zala n'kunyamuka.

"Adokotala, chidendenecho n'chobwereka?"

"Bambo, odwala akundidikira."

"Akudikirani kuyambira m'mawa, azolowera. Khalani pansi."

Akuti ngakhale ashehe anabwezedwapo kamodzi. Izi sindinaone ndi maso anga, choncho musazitenge ngati umboni.

Komabe anthu onsewa, akatsuka bwino, ankamva liwu limodzi lotuluka ngati likukokedwa ndi chingwe: "Zakwana." Ine, mkamwini wawo, mphunzitsi wa ana awo ndi adzukulu awo, liwu limenelo sindinalimvepo. Zaka khumi ndi ziwiri, kapena kuperewera miyezi itatu, changa chinali chimodzimodzi: "Bwerezani, aphunzitsi." Ulemu wa "aphunzitsi" umenewo ankauthira tsabola. Ndinkabwereza, ndipo polowa ndinkapeza mzere woyamba utadzaza, malo anga ali pafupi ndi nsapato.

Ndinafika poyeserera kunyumba m'beseni, galasi ndaliika pansi kuti ndizione zidendene zanga. Mkazi wanga anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"Bambo a ana, mukufuna kukhoza mayeso a bambo? Mayi anamwalira asanakhoze."

Tsiku limene sindidzawakhululukira, kapena ndinene kuti limene ndikuvutikabe kuwakhululukira, ndi ili. Ashehe anali paulendo, ndipo akuluakulu anandipempha kuti nditsogolere swala ya masana. Kanali koyamba. Wuzu ndinapangira kusukulu kuti ndiwazembe. Ndinaima kutsogolo, ndipo ndikungokweza manja ndinamva mawu kumbuyo:

"Chigongono!"

Dzulo lake tinkapenta kalasi, ndipo kadontho ka penti kosaposa nyemba kanaumira pachigongono changa chakumanja. Apongozi anga anadutsa mizere itatu akukankha anthu, anandigwira mkono ngati mwana wakuba, anakanda kapentiko ndi chikhadabo, n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Madzi anadutsa apa? Tonsefe tikanaswali kumbuyo kwa penti."

Swala anatsogolera wogulitsa nyama uja. Ine ndinali panja, pampopi, apongozi anga atandiimirira pambali. Ndivomereze kuti ankanena zoona, pakuti penti imatchingadi madzi. Chimenechi ndiye chimandipweteka kwambiri. Koma kodi kunong'oneza kunaletsedwa? Chaka chathunthu sindinaponde pakhomo pawo.

Kenaka anadwala, n'kufa ziwalo mbali yonse yakumanja. Ana awo aamuna atatu anayesa kuwapangitsa wuzu, onse anathamangitsidwa, wotsiriza ndi kapu kumsana. M'mawa wina mkazi wanga anati, "Bambo akuti mupite, mutenge beseni."

Ndinapita chifukwa cha mkazi wanga, zimenezi zidziwike. Ndinawapeza pabedi, pakamwa patapotoka, koma maso ali omwe aja.

"Bambo, ana anu alipo atatu."

"Awo amandikonda," anatero movutikira. "Wondikonda amafulumira kuti ndisazizidwe. Inu mumadana nane. Simungalole kuti ndikupezereni chifukwa."

Sindinatsutse. Ndinagwada, n'kuyamba. Dzanja lakufa lija linkalemera ngati njerwa. Mapazi amene anali kuweruza mapazi a tonsefe anali ang'onoang'ono, zidendene zong'ambika ngati dothi la m'chilimwe. Ndinadutsitsa madzi mumng'alu uliwonse. Nditamaliza anapinda mwendo, n'kupapasa chidendene ndi dzanja lamoyo lija.

"Bwerezani."

Masabata asanu ndi limodzi ndinkapita ndisanapite kuntchito ndiponso poweruka. Nthawi zina zonse za swala ankadzipaka fumbi loyera m'malo mwa madzi, monga zimaloledwa kwa wodwala, koma ziwirizi ankafuna madzi, ndi ine. Tsiku lomaliza anapapasa nthawi yaitali, natsegula pakamwa. Ndinati lero ndiye lero.

"Madzi mwawononga ambiri," anatero.

Anamwalira mawa lake, dzuwa lili paliwombo. Anasiya mawu kwa mwana wawo wamkulu akuti mtembo wawo ndisambitse ine, ndipo anandisiyira kampango komanga mfundo. Mkati munali mutu wa mpopi.

Posambitsa maliro, womwalira timamupangitsanso wuzu. Ndinachita zonse mwa dongosolo lake mpaka kumapazi. Phazi lamanja katatu, lamanzere katatu. Ndiye ndinangoima, chidendene chili m'manja mwanga, ndikudikira. Ashehe anandigwira paphewa.

"Zakwana, aphunzitsi."

Liwu limene ndinalidikira zaka khumi ndi ziwiri linabwera, koma linatuluka pakamwa pena. Silinalowe.

Mutu wa mpopi uja ndinaubwezera sabata yomweyo, ndipo ndinaumanga zolimba, mwadala. Tsopano madzi amakhuthuka ngati mvula, pansi pamera ndere, wogulitsa nyama amasamba kasanu akuimba, adokotala amalowa zidendene zili mbuu. Aliyense amati tapuma. Inenso ndimatero, mokweza kuposa onse.

Kampando kaja kokha palibe wakachotsa, ndipo palibe amakhalapo. Ine ndikatsuka phazi lamanzere ndimapezeka ndacheukira komweko. Poti palibe wondiuza, ndimapapasa ndekha chidendene, n'kukayika, n'kuyambiranso. Polowa ndimapeza mzere woyamba utadzaza. Mkuluyo ali m'manda, koma ine ndikuswalirabe pafupi ndi nsapato.