Chingwe cha Merv Tuckwell

Kwathu kuno kumtunda kwa mtsinje wa Hawkesbury, ukatchula malemu Merv Tuckwell, anthu amayamba akumbuka chingwe, nkhope pambuyo. Mkuluyu ankayenda ndi chingwe chomangirira ku msomali, ndipo chilichonse chozungulira chinkaona zakuda. Ankaika msomali pakati n'kuzunguza chingwe, chikakwana basi mlandu watha: "Mphero iyi."

Keke ya ukwati wa mwana wake anaiyesa. Zenera la tchalitchi analiyesa. Tsiku lina ku bala anafuna kuyesa dazi la abusa opuma, anthu anachita kumulanda msomali.

Matendawa anachokera kwa agogo a agogo ake, mkaidi amene anabwera pa sitima ali m'maunyolo n'kupatsidwa ntchito yosema mphero zozungulira za chigayo cha tirigu pa thanthwe la kuseri kwa mudzi. Zina zinkasweka zisanachoke, mizere yake n'kutsala pamwalapo. Merv ankazinyadira ngati manda a mfumu.

Womudziwa bwino anali mlamu wake Noeline, mkulu wake wa malemu mkazi wake, mayi wa mtundu wa eni dziko, amene makolo ake anali pano sitimazo zisanabwere.

"Alamu, mwadzuka?" ankatero Noeline masanasana. "Dzuwa likulowatu."

"Wanzeru sadzuka ndi nkhuku, alamu."

"Wanzeru wake uti? Mdzukulu wa wakuba nkhosa?"

"Nkhosa imodzi yokha. Yowonda."

Kunena zoona, Merv m'mawa sankaudziwa. Ku thanthwe ankapita dzuwa lili paliwombo, akukoka mlendo aliyense wopanda mwayi, phunziro lake lomwelomwelo.

"Mzere wa chitsulo umalowa mozama, m'mbali mwake mowongoka, pakati pali kabowo ka msomali. Zozokota za makolo a alamu anga ndi timabowo tolumikiza, tosalala, tosazama. Pano palibe. Ndakulira pathanthwe pano ine."

Noeline ankangoti, "Chabwino." Chakum'mawa kwa thanthwelo kunali chozokota cha makolo ake, chosazama moti chinkaoneka dzuwa likangotuluka, kuwala kukubwera chammbali, masana chinkazimirira. Mayi ake anamuonetsa ali mtsikana, namuuza kuti n'cha amayi okha: mwamuna sauzidwa, saonetsedwa. Nayenso ankadikira kuti mdzukulu wake Kirra asinkhuke amuonetse. Tulo ta Merv tinkalondera malowo kuposa mpanda.

Kenaka kunabwera nkhani ya msewu woti udutse pathanthwepo. Zozokota za makolo zikanaimitsa ntchito, koma za akaidi aboma ankati azijambula chithunzi n'kupitirira. Woyendera malo anali mwamuna, ndipo anafika masana. Merv anamulandira atavala jekete la maliro, chingwe chili m'manja, namutsimikizira kuti pathanthwepo pali mphero zokhazokha. Mpaka woyenderayo anamulonjeza kuti mphero imodzi aiimika pambali pa msewu ndi dzina la kholo lake lija.

Noeline anapita ku ofesi ya za msewu. Anapezako amuna okhaokha.

"Mayi, pali chiyani pamenepo? Tiuzeni."

"Tumizani mzimayi, ndiyankhula naye."

"Abwera mwezi wamawa."

Pobwerera anadzera kwa Merv.

"Alamu, kawauzeni kuti simukutsimikiza."

"Ine osatsimikiza? Mwaona chiyani?"

Mawu anafika pakhosi, koma anakumbukira mayi ake. "Ndangopempha."

"Nsanje imeneyo," anaseka Merv. "Wakuba nkhosa watchuka."

Thanthwe analiphulitsa mzimayi uja asanabwere. M'mawa mwake phokoso la mathirakitala linadzutsa Merv mbandakucha, koyamba chibadwire, ndipo anakwera kukaona mphero yake. Anapeza Noeline atakhala pa mulu wa miyala, chidutswa chili pamiyendo. Dzuwa linali likutuluka. Pachidutswapo panali mzere wosalala, wosazama, wa timabowo tolumikiza. Dzanja la Merv linathamangira m'thumba mwachizolowezi, koma kabowo ka msomali panalibe. Anatembenuza nkhope.

"Alamu, bwanji osandiuza?"

"Ndinu mwamuna."

"Ndikanasunga chinsinsi."

"Inu? Munasungapo chiti?"

Palibe anaseka. Noeline anali ndi mkwiyo woti akanamuponyera mwalawo, koma analibenso wina wolira naye.

Kuyambira pamenepo anthu anaona zachilendo: Merv Tuckwell akukankha wilibala mbandakucha. Noeline ankasankha zidutswa pa mulu n'kuzifunditsa thumba, Merv n'kumazitsitsira kunyumba kwa mlamu wakeyo, maso ali kumbali. Kuyang'ana kumbaliko kunamugwetsera mu ngalande kangapo, ndipo ku bala ankamuseka kuti wayamba kuledzera m'mawa. Sanafotokoze kanthu, munthu amene kale ankafotokozera ndi agalu omwe.

"Pumani, alamu. Si inu munaphulitsa."

"Kankhani nokha ndiye."

"Wilibala ya wakuba sindigwira."

Sanamalize. Magalimoto a kampani anatuta mulu wotsala, ndipo m'mawa wina anthu anamupeza Merv atakhala pansi pamtsetse, atatsamira wilibala, mtima utaima. Thumba linali likadali pamwamba pa katundu. Mwana wake anapereka chingwe chija kwa Noeline, poti palibe wina anachifuna.

Mphero ija ilipo pambali pa msewu, dzina lili pomwepo, magalimoto amangodutsa. Maukwati a masiku ano keke imadulidwa mwamtendere, ndipo kunena zoona sikoma. Ku bala kumakhala zii, abusa amavula chipewa mopanda mantha.

Kirra atasinkhuka, Noeline anamudzutsa mbandakucha n'kupita naye kuseri kwa nyumba. Anayala zidutswa pa udzu monga ankakumbukira, nadikira dzuwa. Mzere unaoneka, n'kuduka, n'kuonekanso patsogolo.

"Agogo, pakatipa panali chiyani?"

Noeline anatulutsa chingwe cha Merv, nachigoneka pa udzu motsata pamene mzere unkadutsa. Chinaperewera.