Khadi la Apongozi Anga ndi Satifiketi Yanu ya Chitetezo

Kwa Bwana Mkulu wa kampani yotigulitsa makina olipirira pa khadi,

Ndikulemba nditavula chipewa. Ine ndine munthu wamba, wogulitsa misomali, penti ndi malata. Za makompyuta ndimangoonera patali. Ndati ndithokoze chifukwa cha satifiketi ya chitetezo cha makadi imene munandipatsa. Pano yapeza malo abwino pakhoma, pamene panali chithunzi cha ukwati wathu, poti mkazi wanga anapita nacho kwawo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha woyendera masitolo amene munatitumizira. Anagwedeza loko wa pachitseko, anasisita chozimitsira moto, anamwa tiyi, n'kusaina. Makinawo sanawakhudze, ndikhulupirira powalemekeza.

Chachiwiri, zikomo potimatira pasiwedi, nambala yachinsinsi ija, pansi pa makina. Ndi yofanana ndi ya anansi anga, wometa tsitsi komanso mayi wa sitolo ya mankhwala, choncho wina akaiwala timangofuulirana pakhonde.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha nzeru imene a ku ofesi kwanu anatiphunzitsa: netiweki ikathawa, tizijambula khadi la kasitomala kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutumiza pagulu lathu la pafoni kuti iwo amalize malipiro. Pagulupo pali ogulitsa tonse, antchito anu, ena amene munawachotsa ntchito, ndi bambo wina amene palibe akumudziwa koma amatipatsa moni m'mawa uliwonse. Ndi munthu waulemu.

Apongozi anga, amene sanandikondepo chikwatirire mwana wawo, anabwera kudzagula malata pofuna kundiyesa. Netiweki inathawa. Ndinawapempha khadi lawo la penshoni ndi manja awiri, ndinalijambula bwinobwino, ndinatumiza. Sabata isanathe khadilo linali litagula tikiti ya ndege ndi mawigi, ndipo penshoni yonse inali itapita. Apongoziwo ndege sanakwerepo, ndipo dazi lawo amalinyadira. Munthu amene anamuona akujambula khadi lawo ndi mmodzi yekha, ndipo ndi ine. Zikundiwawa, Bwana, chifukwa ngakhale mkazi wanga wandiyesa wakuba n'kubwerera kwawo.

Chachinayi, ndalandira kalata yanu yondilipitsa chindapusa chifukwa chosunga zithunzi za makadi mufoni, zomwe akuti malamulo amaletsa. Zikomo pondidziwitsa. Amene wasaina kalatayo ndi yemwe uja anatiphunzitsa kujambula. Zikuoneka kuti munamukweza, ndipo mumuyamikire m'malo mwanga.

Ndili ndi kapempho kamodzi. Loweruka likubwerali achibale a mbali zonse akumana m'sitolo muno kuti agamule ngati mkazi wanga abwerere. Mawu anga sakumvekanso, koma anu ndi olemera. Bwerani, Bwana, ngakhale simukonda zolankhula. Mudzangogula kilogalamu imodzi ya misomali, n'kulipira ndi khadi lanu lenileni, lija mumalandirirapo malipiro anu a pamwezi, pa makina anu omwewa, apongozi anga akuonerera. Dzanja lanu likapanda kunjenjemera, banja langa lapulumuka.

Ine wanu wodzichepetsa,
Wogulitsa malata wokhala ndi satifiketi