Kagetsi ka Matayala ndi Azakhali

Lolemba, 13 Januwale

Kuzizira kwa mfiti. Ndikuliza galimoto, kagetsi kachikasu kali ng'aa pa dashibodi. Ati mpweya wachepa m'matayala. Ndatsika, ndamenya tayala lililonse ndi nsapato. Onse anayi ali gwa.

Loweruka ndikukatenga azakhali a akazi anga ku bwalo la ndege. Omwe aja anafunsa pa ukwati wathu kuti, "Digiri ija anaisiyira pakati kapena chakumapeto?" Amenewo sangaone kagetsi m'galimoto yanga. Akazi anga akuti, "Imbirani achimwene." Achimwene awowo ndi Yosefe, womata matayala ku Laurel, kuno ku Amereka, sukulu analekeza Fomu 2. Ine wa zaka ziwiri ndi theka za uinjiniya ndikafunse Yosefe? Ayi!

Lachiwiri, 14 Januwale

Pa filing'i siteshoni ku Wheaton mzere wa magalimoto pa makina opopera. Amereka yonse yaphwa. Payipi yauma ngati ndodo, zala zafa. Ndapopa onse, ndawonjezeranso kuti akhute. Kagetsi kakadali pompo.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndiganize ngati munthu wophunzira. Mpweya ukazizira umachepa mphamvu. Izi ndinakhoza mayeso ake, ngakhale kachiwiri. Ndiye matayala afunde, basi! Ndatenga musutikesi ya akazi anga:

chitenje cha maluwa,
cha pa ukwati wa msuweni wawo,
china chakale,
ndi cha amayi a kutchalitchi, poti ndicho chokhuthala.

Ndamanga ndi zingwe za nsapato. Mzungu woyandikana nafe akufunsa ngati ndi mwambo wa kwathu. Ndati inde, koma wa mabanja achifumu okha.

Lachinayi, 16 Januwale

Kwagwa mvula ndipo yaundana pomwepo ndi kuzizira. Zitenje zamatirira ku matayala. Ndikumatula ndi madzi a mu ketulo, cha kutchalitchi chang'ambika pakati penipeni pa vesi. Akazi anga aima pawindo, kapu m'manja, akungondiyang'ana. Bola akanakalipa.

Kuntchito ndachedwa. Agogo amene ndimawasamalira akuti, "Zimachitika chaka chilichonse, pita kwa a matayala." Malangizo ochokera kwa munthu amene amanditchula dzina la galu wake wakale!

Kagetsi: kali bwino, zikomo pofunsa.

Lachisanu, 17 Januwale

Selotepi wakuda pa kagetsi, magawo atatu. Vuto latha. Kungoti kuwala kukuthawira m'mbali, dashibodi ikuoneka ngati kukutuluka kadzuwa. Akazi anga adzitsekera kubafa ndi foni. Ndamva mawu awiri okha: "zitenje" ndi "achimwene".

Loweruka, 18 Januwale

Azakhali asanamange ndi lamba yemwe: "Apa pali bala, akamwini?" Amatula selotepi ndi chikhadabo. Ayang'ana kagetsi, ayang'ana ine. "Tifika?" Ulendo wonse akupemphera mokweza, kutchula ana awo mmodzimmodzi.

Kunyumba tapeza Yosefe, ati wangobwera kudzalonjera. Munthu wodzalonjera atanyamula pampu! Watsegula kumbuyo, watsitsa zikwama, wapopa tayala la sipeya. Limene sindinaliganizire n'komwe.

"Alamu, galimoto izi sipeya nayenso amadandaula. Koma anayi awa mwapopa ngati a thirakitala."

Wagwada n'kuyamba kuphwetsa mpweya wanga wa Lachiwiri. Psss, tayala ndi tayala, banja lonse likumvetsera. Kagetsi kazima. Azakhali aomba m'manja.

Lamulungu, 19 Januwale

Popita kutchalitchi azakhali akwera ya Yosefe, yonunkha labala, ya chitseko chotsegulira kunja kokha. Akazi anga atsatira komweko. Ine ndanyamula mapoto a mpunga, wina ndamumanga lamba pa mpando wakutsogolo.

Nthawi ya alendo azakhali aimirira n'kuthokoza Mulungu kuti m'banja lililonse amaikamo munthu mmodzi wodziwa zinthu. Mpingo wati amen. Nanenso ndati amen, poti abusa amandiyang'ana.

Azakhali adzakhala nafe miyezi itatu. Chisanu nachonso.