Chitenje cha amayi ndi phini ya ba anti

Lolemba
Ba anti Esinati, mlongo wa atate. Niyamba ndi dzina lawo kuti nisadzaiwale. Afika lero kuchoka ku Chalimbana kudzakonzekera kichini pate, phwando la azimayi ukwati usanachitike, ya mkulu wanga Misozi, ndipo asanavule nsapato aona pampu yanga. "Ka firiji kakufa aka kachita chani pakhonde?" Ni injini ya firiji, inde, koma tsopano imayamwa mpweya. Nipangira Misozi mphatso, chapamwamba cha tebulo: chitenje cha malemu amayi, nsalu yolimbitsa ya faiba pansi pake, zonse zoumitsidwa mu lezini, mankhwala amadzimadzi amene amauma ngati galasi. Naphunzira pa foni. Chitenjecho ni chimodzi, chikaonongeka palibenso china.

Lachiwiri
Niyesa pa kansanza. Pulasitiki pamwamba, tepi m'mbali, pampu ichotse mpweya wonse, lezini ilowe yokha ndi kapaipi. Penapake pakulira tsiii. Nimamatiza khutu pa tepi ngati namwino. Ba anti: "Sukulu yonse ija."

Lachitatu
Malaiti kulibe. Nikhala, niyang'ana pampu, nayo iniyang'ana.

Lachinayi
Kansanza katuluka bwino, kosalala, kolimba! Nionetsa aliyense, mpaka wogulitsa malasha. Ba anti akagogoda ndi chala, ati kangakhale kabwino kuvundikira ndowa.

Lachisanu
Tsiku la chitenje. Nayala, namata, pulasitiki yagwira nganganga, lezini ikuyenda pang'onopang'ono pamaluwa a buluu. Pampu iyenera kulira mpaka ziume. Atate anituma ku Chongwe kukatenga keke. Niuza nyumba yonse: musakhudze.

Nibwera, pulasitiki yafufuma ngati chitumbuwa. Timabowo mzeremzere, tooneka kuti munthu anadekha potiboola. Ba anti, phini ikali pa bulauzi: "Mwana iwe, chinthu chotsekera mu pulasitiki chimachita nkhungu. Ungaoletse chitenje cha amako. Nachipatsa kopumira." Atate aniyang'ana ndi diso lija lakuti ni akulu. Nameza. Nati zikomo. Zikomo!

Loweruka
Namatula. Theka galasi, theka thovu, ngodya imodzi ni nsalu youma gwa ngati chikumba. Nichibisa kuseri kwa khola. Ku pate aitana dzina langa kuti nivine nionetse mphatso, nilibe kanthu m'manja. Nitembenuka, ba anti akubwera nacho pamutu, akuvina mogwedeza phewa. Auza azimayi onse kuti ni choyanikira ndiwo zamasamba, "tapanga ine ndi mwana wanga uyu." Nthungululu. Misozi wazindikira maluwa a amayi, walira, wachikumbatira, thovu ndi zonse.

Lamulungu
Misozi akana kuti nichikonze, ati chikhale momwemo pabalaza. Ba anti akwera minibasi, anyamula pulasitiki yanga yotsala, ya mbewu zawo. Ati chaka chamawa azabwera tipange china.

Sininawakhululukire. Pampu naikankhira pansi pa bedi, ndipo nkhani iyi sinizaikambanso.