Ndere za m'kompyuta ya a Muhiwa

Pali nkhani imene anthu a pa Nkando amaikometsera ndikangotembenuka. Bola ndiinene ndekha, poti wopusayo ndinali ine.

M'zaka za m'ma 80 ndinkakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina, ndipo ndinkadzimva kwabasi. Ndinali nditafunsira Felesta, koma atsibweni ake, a Muhiwa, kalaliki wamkulu pa esiteti ina ya tiyi, anali asanavomere. Ankati munthu wongokhalira kutokosa mawaya alibe ntchito.

Tsiku lina anandiitanitsa. Mzungu wa pa esitetiyo, pobwerera kwawo, anawasiyira kompyuta: kabokosi ka mabatani ndi galasi lake loonetsa zithunzi. (Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wailesi ya kanema. Chinthu chotere ndinali ndisanachionepo, koma zimenezo sindinanene.)

"Taonani zithunzi za pakatoni pake," anatero a Muhiwa. "Zofiira, zachikasu, zabuluu. Koma ndikayatsa, zonse zikungotuluka zobiriwira. Mukaikonza, za mwanayu tikambirana."

Ndinayamba ndi nzeru za pawailesi. Ndinapotokola kabatani kalikonse kumbuyo, ndinauzira m'timabowo, ndinapukuta nthambo ndi sipiriti, kenako ndinaimenya kambama pambali. Zobiriwira basi.

Thukuta litayamba, maso anga anagwera pakhoma la nyumba yawo. Kwathu kuno mvula yowaza ya chiperoni ikakhazikika, chilichonse chimamera ndere, kaya khoma, kaya masitepe.

"Bambo, vuto ndalipeza. Galasili lamera ndere mkati. N'chinyezi."

A Muhiwa anavomereza ndi mutu, ine mtima n'kukhala m'malo.

Tinaiyanika pamphasa monga timachitira ndi mabatire otha. Dzuwa linangosuzumira, kenako kunayamba kuwaza. Masiku atatu inali ntchito yotulutsa ndi kulowetsa, mkulu wolemekezeka ngati uja ataigwirira ambulera. Titayatsa, ndere zija zinali pompo.

Apa munthu wanzeru akanavomera kuti zamukanika. Ine ndinakumbukira kuti kufakitale ya pa esitetiyo kuli ng'anjo youmitsira tiyi.

Tinainyamula pawilibala titaifunditsa bulangete. Woyang'anira ng'anjo anayesa kukana, koma kalaliki wamkulu samukanira. Tinaiika potulukira mpweya wotentha, ine n'kulamula molimba mtima kuti isachoke mpaka nditanena. (Ndinkayang'ana wotchi ngati ndikudziwa chimene ndikuwerenga.) Pochoka apo inali itapindika ngati chikopa chouma, mabatani atamatirirana, ikununkhira tiyi. Titailumikiza kumagetsi muofesi, inangoti phu, kautsi n'kutuluka. Zobiriwira zinathadi. Kunatsala mdima.

Mayi wina wotaipa makalata, amene ankaiona kompyutayo mzungu uja asanachoke, anasiya ntchito n'kutiyandikira.

"Kodi mumati yatani? Galasi limeneli n'lobiriwira chibadwire. Bwana ankati la mitundu linali lodula, ndiye sanagule."

Ndinasowa pobisa nkhope. A Muhiwa anayang'ana mtembo wa kompyutawo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti siinkadwala," anatero.

"Zikuoneka choncho, bambo."

"Ife n'kuiothetsa dzuwa, n'kuiwamba mpaka kufa."

Ndinabwerera ku Nkando ndikudziwa kuti Felesta ndamuphonya, ndipo zinandiwawa kuposa manyazi aja. Patapita sabata a Muhiwa anandiitanitsanso. Ndinawapeza atakhala pakhonde, Felesta atagwada chapatali.

"Mwanayu wakakamira, akuti ndinu basi," anatero mosandiyang'ana. "Tumizani ankhoswe anu. Koma mundilonjeze chinthu chimodzi. Akadzangoti mutu ukuwawa, musamukhudze. Mudzaitane ine."

Ndinalonjeza. Felesta naye anamva, ndipo mpaka lero akadwala, mudzi wonse umadziwa kupatula ine.