Usalire ngati bambo a Tadala

Mukadzafika kwathu ku Kasinje n'kumva mayi akuuza mwana kuti "usalire ngati bambo a Tadala", musafunse zambiri. Bambo a Tadalawo ndine.

Mayi a kunyumba anadzuka ndi malungo tsiku loti Tadala, khanda lathu, akabayitse katemera wa chikuku. Ndinadzipereka kupita naye, osati chifukwa cha chifundo (ndisaname), koma ndinali nditamva kuti bambo akabwera ndi mwana kusikelo saima pamzere. Ndinati angomubaya, ine ndithamangire kudimba.

Zinayamba bwino. Amayi anandiombera m'manja, ena mpaka nthungululu. Mlangizi wa zaumoyo anandiimika kutsogolo kuti abambo ena atengerepo chitsanzo, ine chifuwa tukumu! Ndinafika polankhulapo: "Ife Angoni sitiopa kanthu. Kajakisoni n'kachiyani kwa munthu wovina ngoma, chishango kumanja?" (Pakamwa pangapa padzandiphetsa.)

Tadala anabayidwa, analira pang'ono, n'kuyamba kuseweretsa batani la malaya anga. Ndikuti ndizinyamuka, mlangizi uja anaona phazi langa lomanga kansanza.

"Apa mwatani, bambo?"

"Khasu, dzulo. N'zazing'ono."

"Katemera wa kafumbata munabayitsa liti?"

"Aaa, zimenezo si za ana ndi amayi oyembekezera?"

"Kafumbata safunsa zaka. Lowani kwa anamwino, pindani malayawo."

Ndinayang'ana kukhomo: amayi aja atadzaza, akudikira kuona Mngoni. Wina anandilandira mwana mwaulemu. Kenako ndinaona singano. Ndinapempha kuti ndibwere mawa. Ndinati sindinadye. Ndinafunsanso ngati ulipo wodontheza m'kamwa, ngati wa poliyo uja. Anamwino anangondipukuta pamkono ndi thonje, ine n'kukuwa "Mayo ine, ndafa!" singano isanandikhudze n'komwe.

Panja amayi anagwa nako kuseka. Tadala nayenso anaseka, ndi timano take tiwiri, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa jakisoniyo.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Wodwala uja ndinamupeza atakhala tsonga, akupukuta misozi ya kuseka, malungo atawaiwala.

Ndinalumbira kuti kusikelo sindidzapondakonso. Koma anamwino anati kwa munthu ngati ine wa kafumbata sabaya kamodzi, ndibwerenso mwezi wamawa. Tsikulo amayi a m'mudzi muno akulidziwa kuposa ine mwini wake, ndipo ena akuti adzabwera ngakhale ana awo anamaliza kalekale katemera.